Ndani adzabwerenso ndi khasu?



Funso la sabata ino likuoneka ngati lachibwana, koma tadekhani nalo. Kodi n'chanzeru kuti munthu wa ntchito zake, wa banja lake, athere Loweruka lonse m'phiri akukumba ngalande ndi kudula mitengo yogwera m'njira, osalandira olo tambala, kuti mlendo amene sadzamuona n'komwe adzadutse bwino? Ndipo ngati n'chanzeru, ubwino wake uli pati kwenikweni?

Tiyambe ndi njira imene ilipodi, kuti tisamangoyankhula m'malere.

Ku America kuli njira ya oyenda pansi yotchedwa Appalachian Trail. Imayambira pa phiri la Springer ku Georgia n'kukathera pa phiri la Katahdin ku Maine, ndipo imadutsa m'zigawo 14 za dzikolo. Kutalika kwake n'kopitirira makilomita 3,500. Kuti mumve bwino, kuli ngati kuyenda ulendo wa pamsewu wochokera ku Nsanje kukafika ku Chitipa katatu. Mbali yaikulu ndi kanjira ka phazi basi, kodutsa m'nkhalango ndi m'misana ya mapiri. Ofuna kuimaliza yonse pa ulendo umodzi amayenda miyezi 5 mpaka 7, ndipo mwa anthu anayi amene amayamba, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amakafika kumapeto.

Ganizo la njirayi anabwera nalo Benton MacKaye, katswiri wa za nkhalango, mu 1921. Mu 1925 panakhazikitsidwa bungwe loyendetsa ntchitoyi, limene lero limatchedwa Appalachian Trail Conservancy. Amene anaikoka ntchito mpaka kutheka anali loya wina, Myron Avery, yemwe ankayenda m'mapirimo akukankha gudumu loyezera mtunda. M'madera ena anathandizako anyamata olembedwa ntchito ndi boma, koma ambiri mwa olambulawo anali anthu wamba ongodzipereka pa masiku awo opuma. Mu Ogasiti 1937 njira inalumikizika kuchokera ku Georgia mpaka ku Maine.

Mpaka lero amene amaisamalira tsiku ndi tsiku ndi magulu pafupifupi 30 a anthu ongodzipereka. Gulu lililonse lili ndi chigawo chake, ndipo limagawira mamembala ake timagawo ting'onoting'ono. Munthu amapatsidwa makilomita ochepa, n'kuuzidwa kuti apa ndi panu.

Ntchito yake ndi yotani?

Mdani wamkulu wa njira ya m'phiri ndi madzi. Pamene mapazi aponda kawirikawiri nthaka imalimba n'kutsikira pang'ono, ndiye mvula ikagwa madzi amapeza khwawa lowakonzera kale. Pajatu akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Mukawalekerera dzinja liwiri kapena litatu, njira ija yasanduka chigwembe. N'chifukwa chake osamalira njira amakumba tingalande topingasa, n'kutchingamo ndi miyala kapena chipika, kuti madzi apatukire kumbali asanapeze liwiro. Koma kangalandeko kamadzaza masamba ndi mchenga. Pafunika wina abwerenso adzakafukule, ndipo chaka chamawa abwerenso.

Pamalo otsetsereka kwambiri njira amaikhotetsakhotetsa, kuti madzi asatsike nayo molunjika. Oyenda othamanga magazi amadula makhotawo, n'kutsegula kanjira kachidule komwe madzi amakakonda kwambiri. Ndiye wina ayenera kudzatsekapo ndi nthambi ndi miyala. Pamadambo amayala matabwa kuti anthu asapondereze zomera pofuna pouma. Matabwawo amaola. Pamitengo ndi pamiyala amapaka kachizindikiro ka penti yoyera, masentimita 5 m'lifupi ndi 15 m'litali, kuti woyenda asasochere. Pentiyo imafufuluka. Mphepo ikagwetsa mtengo, uyenera kudulidwa, ndipo m'madera ena otetezedwa lamulo la 1964 sililola makina, choncho amadula ndi sowo yaitali yokoka anthu awiri, imene anyamula pamapewa kuchokera kumunsi. M'njiramo muli timisasa togonamo toposa 250, tambiri ta makoma atatu, ndipo pafupi ndi tambiri mwa ito pali zimbudzi. Nazonso zimafuna munthu. Tangoganizani mphunzitsi kapena namwino wopuma pantchito atakwera phiri ndi fosholo kukasamalira chimbudzi cha anthu amene sakuwadziwa.

Apa ndi pamene pali chinthu choyamba chofunika kuchilingalira. Ntchito imeneyi ikagwiridwa bwino, siioneka. Woyenda akafika pamene kangalande kafukulidwa, mtengo wachotsedwa, chizindikiro chapakidwanso, saona kanthu. Amangodutsa, mwina akuganiza za chakudya chamadzulo. Wosamalira njira amakumbukiridwa tsiku limene walephera kubwera, pamene munthu waterereka m'matope n'kufunsa mokwiya kuti kodi osamalira kuno ali kuti.

Ambiri mwa anthu amene akusamalira njira ya ku Americayi si Asilamu, koma Msilamu akamva nkhani yawo pali chimene amachizindikira msanga. Tonse tinaphunzira kumadrasa kuti Mtumiki, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, anaika kuchotsa chinthu chopweteka anthu panjira m'gulu la nthambi za Imaan, ngakhale kuti ndiyo nthambi yapansi pa zonse. Timadziwanso nkhani yopezeka mwa Bukhari ndi Muslim ya munthu amene Allah anamukhululukira chifukwa chosuntha nthambi ya minga pamene anthu amadutsa. Kawirikawiri timazimva ngati chilimbikitso choti olo kachinthu kakang'ono kali ndi sawabu. N'zoona. Koma taonaninso mbali ina.

Ukampatsa munthu ndalama, iye akudziwa kuti walandira, ndipo akudziwa amene wapereka. Olo upereke mobisa, wolandirayo amadziwabe kuti wina wamuchitira chifundo, ndipo amamupangira dua. Koma amene sanalasidwe ndi munga chifukwa iwe unauchotsa m'mawa, sakudziwa n'komwe kuti walandira kanthu. Sangakuthokoze, chifukwa kwa iye palibe chachitika. Imeneyi ndi sadaka yopanda mboni ya munthu, ngakhale wopindulayo. Mtima umene umakonda kuyamikiridwa supezapo chakudya. Mwina n'chifukwa chake kantchito konyozeka chonchi kakuwerengedwa pamodzi ndi chikhulupiriro, pakuti amene amakachita mobwerezabwereza ndi amene watsimikiza kuti alipo Woona pamene anthu sakuona.

Chachiwiri: ntchitoyi siitha

Tanena kuti njira ija inamalizidwa mu 1937. Mukudziwa kuti kumalizidwako kunakhala nthawi yaitali bwanji? Chaka chimodzi. Mu Seputembala 1938 namondwe wamkulu anakantha chigawo cha New England n'kugwetsa mitengo yosawerengeka, njira n'kutsekeka m'malo ambiri. Asanamalize kukonza, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inayamba. Anyamata anapita kunkhondo, mafuta a galimoto ankagulitsidwa mopima, ndipo kunalibe wokwera phiri ndi chikwanje. Tchire linabwerera. Mu 1948, pamene Earl Shaffer, msilikali wobwera kunkhondo, ankayenda njira yonseyi pa ulendo umodzi, anapeza malo ena atawirira moti ankachita kufufuza kolowera. Njira inadzalumikizikanso yonse mu 1951. Ndipo mu Seputembala 2024, namondwe Helene anaonongeratu mbali yaikulu ya kummwera, anthu n'kunyamulanso masowo ndi makasu.

Choncho mawu oti "tamaliza" pa nkhani ya njira ndi mawu a tsiku la mwambo basi. Njira ilipo lero chifukwa wina anabwera mwezi watha.

Mbiri ya Chisilamu ili ndi phunziro lomweli. Njira ya mahaji yochokera ku Kufa ku Iraq kupita ku Makka, ya makilomita pafupifupi 1,400 kudutsa m'chipululu, imatchedwa Darb Zubaydah. Dzinali ndi la Zubaydah bint Ja'far, mkazi wa Khalifa Harun al-Rashid, yemwe anamwalira mu 831. Mayiyu anagwiritsa ntchito chuma chake pokumbitsa zitsime ndi kumangitsa maiwe osungira madzi a mvula ndi malo opumirapo m'njiramo. Allah amulipire. Koma dziwe la m'chipululu limadzaza mchenga. Kwa zaka zonse zimene mahaji ankamwa madzi m'njiramo, panali anthu ena amene ankafukula mchengawo ndi kumata ming'alu, ndipo ambiri mwa iwo mayina awo sitiwadziwa. Chitetezo chitasokonekera, makamaka mzinda wa Baghdad utagwa mu 1258, njirayo inasiya kuyendedwa ngati kale, ndipo maiwe ambiri anakwiririka. Timati sadaka yopitirira, eti? Kupitirirako kuli m'manja mwa amene amabwera pambuyo pa womanga.

Tikadziyang'ana tokha, tiona kuti mitima yathu imakonda tsiku lotsegulira. Pamakhala riboni, alendo olemekezeka, chikwangwani cholembedwa dzina la wopereka. Pakapita zaka ziwiri mjigo uja wafa chifukwa cha kachitsulo kotchipa, ndipo amayi abwerera kudambo. Mzikiti wapakidwa penti yowala, koma mipopi ya pamalo opangira wudhu yakhala ikudontha chiyambire Ramadhan. Kupeza munthu womanga chatsopano n'kosavuta kuyerekeza ndi kupeza wovomera kusamalira chimene anamanga wina. Chifukwa chake sichobisika: pa chatsopano pamalembedwa dzina, pamene pa chokonzedwa sipalembedwa kanthu. Koma tinaphunzitsidwanso kuti ntchito imene Allah amaikonda kwambiri ndi yopitirira, olo ikhale yochepa.

Koma pali zotsutsa, ndipo si zachibwana

Wina anena kuti: "Akhi, anthu akugona ndi njala, kuchipatala kulibe mankhwala, inu mukutiuza za anthu okhuta amene akulambula njira yoti okhuta anzawo azikapitidwako mphepo?"

Funsoli lili ndi mano. N'zoona kuti zabwino zimaposana. Ngati mnansi wako wagona ndi njala iwe uli ndi ufa, usanyamule khasu kupita kuphiri usanamuone. N'zoonanso kuti kusiya ntchito kwa miyezi 6 kuti uziyenda m'mapiri ndi mwayi wa anthu ochepa. Koma oyenda njira yonse ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi mamiliyoni amene amapondako chaka chilichonse kwa maola ochepa kapena tsiku limodzi: mabanja, ana asukulu, anthu otopa ndi phokoso la m'tauni. Njirayi ndi ya aliyense, ndipo timatauni ta m'mbali mwake timapeza malonda kwa odutsa. Komanso njira yosamalidwa imateteza phiri lenilenilo, chifukwa mapazi onse amaponda pamodzi m'malo moti aliyense atsegule kwake.

Kuno kwathu tili ndi chitsanzo pa phiri la Mulanje. Njira zopita ku tinyumba togonamo alendo pamwamba paja, ndi zokafika pa Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002, ndizo zimadyetsa mabanja a anyamata operekeza alendo ndi onyamula katundu. Namondwe Freddy atagumula mbali za phirili mu Malichi 2023, tinaona tonse kuti njira ikaduka, zambiri zimaduka nayo limodzi. Ndipo luso lopatutsa madzi panjira ya alendo ndi lomwelo lofunika pa kanjira kotsikira kuchigayo kapena kamene ana amadzera popita kusukulu.

Chinanso, tinene chilungamo. Nthawi zambiri amene amati "pali zofunika kuposa izi" sakhala ali paulendo wokachita zofunikazo. Mawuwa amatha kukhala mpando wabwino wokhalapo osachita chilichonse.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kwambiri kwa ife Amalawi. Mawu oti ntchito yaulere ali ndi chipsera m'mbiri yathu. Kuthangata kunali kuthandizana pakati pa anthu a m'mudzi, koma m'nthawi ya atsamunda mawu omwewo, thangata, anasanduka dzina la ntchito yokakamiza m'minda ya azungu, yolipirira malo amene munthu akukhalapo. Ndiye mnyamata amene wamaliza sukulu koma ntchito kulibe akamva kuti "bwerani mudzadzipereke", ali ndi ufulu wofunsa kuti akudya thukuta langali ndani.

Kusiyanitsa kudzipereka ndi kudyeredwa masuku pamutu sikovuta kwenikweni. Funsani mafunso atatu. Kodi munthu angakane popanda chilango? Kodi phindu likupita kwa onse, kapena m'thumba la munthu mmodzi? Kodi ntchito yaulereyi ikulanda ganyu wa munthu amene amadyera pomwepo? Pa Appalachian Trail boma silinasambe m'manja. Lamulo la 1968 linaika njirayi pansi pa chitetezo cha boma, ndipo boma linagula malo ambiri amene njira imadutsamo. Mu 1984 nthambi ya boma yoona za malo otetezedwa inapereka mwalamulo udindo wosamalira malowo kwa bungwe la anthu odzipereka lija. Aliyense ananyamula mbali yake, monga mwambi uja woti mutu umodzi susenza denga.

Choncho wonyamula katundu pa Mulanje alipidwe mokwanira, ndipo mwini bizinesi asabise kuumira kwake m'mawu okoma a kudzipereka. Chisilamu sichisewera ndi malipiro a wantchito. Mnyamata wosowa amene wafunsa za sopo sanachimwe. Koma tisathawirenso kumbali inayo, kumene munthu sangasunthe mwala pakhomo pa mzikiti mpaka atamva za alawansi. Mudzi umene chilichonse chili ndi mtengo wake, munga umakhala panjira mpaka utalasa mwana wa amene ankadikira kulipidwa uja.

Chachitatu chikukhudza ife a mafoni. Gulu likakalambula njira, zithunzi zimafika pa Facebook ndi pa WhatsApp thukuta lisanaume. Kodi imeneyi ndi riyaa? Sitingaweruze, pakuti niya ili mumtima ndipo woidziwa ndi Allah yekha. Chithunzi chimatha kukopa ena kuti abwere, ndipo magulu osamalira njira nawonso amajambula pofuna anthu atsopano. Koma aliyense angathe kudziyesa yekha ndi funso limodzi: ulendo wachitatu, pamene kulibe wojambula, anzanga ambiri atopa, kangalande komwe kaja kadzazanso masamba, kodi ndidzapita? Ulendo woyamba umakoma, umakhala ngati pikiniki. Niya imaoneka bwino pa ulendo wachitatuwo.

Nanga ubwino wake uli pati?

Tibwerere ku funso lathu. Thukuta palokha si ubwino, chifukwa wakuba nayenso amatuluka thukuta. Mlendo wodutsayo amapinduladi, koma mlendo ndi mame, mawa kulibe. Ubwino waukulu wa ntchitoyi uli pa kuvomera kukhala ndi udindo pa chinthu chimene si chako, chimene sunachiyambe, chimene sudzachimaliza, ndi kubwererako pamene chaonongekanso popanda kunyinyirika kuti ndinakonza kale. Imeneyi ndi amaana. Munthu wotere amachita ndi dziko ngati malo amene wasungitsidwa, oyenera kuwasiya ali bwino kwa odzadutsa pambuyo pake.

Ndipo taonani nzeru ya kagawidwe kawo. Palibe munthu amene amasamalira makilomita 3,500. Akanati aliyense aziganizira njira yonse, bwenzi onse atagwa ulesi tsiku loyamba. Aliyense ali ndi kagawo kake, amakadziwa ngati munda wake: akudziwa pamene madzi amavuta, mtengo umene watsala pang'ono kugwa, mwala umene umagwedera. Ife achinyamata timakonda kukamba zosintha dziko lonse, za Ummah wonse, ndipo n'zabwino kukhala ndi mtima waukulu. Koma Ummah nawonso umasamalidwa m'timagawo.

Ndiye musachite kudikira tikiti ya ku Georgia. Sankhani kagawo. Kakhoza kukhala kanjira kokwera phiri la kwanu, kaya ndi Mulanje, Zomba, Dedza kapena kaphiri kopanda dzina pamapu. Kakhoza kukhala njira ya kumanda, imene timaikumbukira pokhapokha jeneza ili pamapewa. Kakhoza kukhala mamita 200 a pakati pa msewu ndi madrasa, pamene ana amaterereka chaka chilichonse. Yambani mwakaonana ndi eni malo, a mfumu kapena a zankhalango, chifukwa kukumba m'malo otetezedwa popanda chilolezo n'kuononga olo niya ikhale yabwino. Pitani mvula yoyamba ikangogwa mukaone kumene madzi akudzera, pakuti madziwo ndiwo akuuzeni pokumba. Mukakhale awiri kapena atatu, alongo ndi alongo anzawo, abale ndi abale anzawo. Ndipo musanachoke pamalopo, gwirizanani tsiku lodzabweranso.

Wina adzadutsa pamenepo usiku atabereka mwana wodwala, sadzapunthwa, ndipo sadzadziwa kuti panali chopunthwitsa. Inunso simudzamva za iye. Kupatsa n'kuika, ndipo Amene timaika kwa Iye saiwala.

Allah atipatse mitima yokonda ntchito zosaoneka, atiteteze ku kudzionetsera, ndipo atilimbitse pa zabwino zimene tayamba. Ameen.

Tiuzeni m'makomenti, abale ndi alongo: kwanuko ndi kanjira kati kamene aliyense amadandaula nako koma palibe amene anakatenga kukhala kake?

Wassalam alaikum warahmatullahi wabarakatuh.